Matsache a ku Chifubu

Jessica Miti anali ndi wantchito wa m'nyumba, koma mawu amenewa sankatuluka pakamwa pake ngakhale mutamukoka lilime. Anzake a ku ofesi akayamba kudandaula za antchito awo, wina kuti waswa mbale, wina kuti amatha shuga, iye ankangoyang'ana pakompyuta. Akamufunsa ankayankha kuti, "Ine nili chabe na munthu wamene amanithandizako."

Munthu womuthandizakoyo anali Beauty, mayi wa ana atatu wa ku komboni ya Chifubu mu Ndola, amene ankafika kunyumba kwa Jessica ku Northrise Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Masiku amenewa Jessica ankadzuka mbandakucha. Ankatsuka mbale, kuyala bedi, kukwecha chimbudzi, kenako n'kubisa zovala zakuda kwambiri pansi penipeni pa dengu. Mukanamuona ali pikitipikiti choncho, thukuta lili kamukamu, mukanalumbira kuti wolembedwa ntchito ndi iyeyo. Beauty akafika ankayang'ana mbale zotsukatsukazo n'kuzitsukanso, chifukwa Jessica ankasiya mafuta kunsi kwa mapoto.

Manyazi amenewa anali ndi kochokera. Bambo ake a Jessica, a Obadiah, anachoka ku Katete ali mnyamata kudzagwira ntchito ya mumgodi ku Kitwe. Chaka chimene anthu anachotsedwa ntchito mwaunyinji, nawonso dzina lawo linali pamndandanda. Banja linasamukira ku Chifubu, ndipo pasanathe zaka ziwiri a Obadiah anatsikira kulichete. Mayi ake, a Felistus, sanakhale pansi kudikira chifundo cha anthu. Anayamba kusesa ndi kuchapa m'nyumba za ku Northrise, ndipo ntchitoyo anaigwira zaka makumi awiri ndi zinayi.

Jessica akaweruka kusukulu ankapita kukawadikira pageti la nyumba ina ya denga lobiriwira. Kulowa sankaloledwa. Ankasuzumira pakampata n'kuona mayi ake atagwada pakhonde, akupaka polishi wofiira ndi kansanza, kenako akupukuta mpaka khondelo liyambe kuonetsa nkhope ya munthu. Tsiku lina mwana wa m'nyumbamo, wa msinkhu wa Jessica yemwe, anadutsa pomwepo ndi nsapato zamatope, osayang'ana n'komwe pansi. A Felistus anangosendera kumbali, n'kuyambiranso. Pageti pomwepo Jessica, wa zaka khumi ndi chimodzi, analumbira mumtima kuti akadzakula, palibe mayi wa ku Chifubu amene adzagwade pansi chifukwa cha iye.

Koma malumbiro a mwana sadziwa fumbi la ku Ndola. Jessica anaphunzira, anapeza ntchito pakampani yoona za mapepala a malole opita ku Congo, n'kupeza nyumba ku Northrise komweko, misewu iwiri kuchokera pa denga lobiriwira lija. Nyumbayo inali ya matailosi oyera, aja oti ngakhale nyerere ikadutsa imasiya mapazi. Kuntchito ankaweruka dzuwa litalowa. Ukwati anayesapo kamodzi, sunakhalitse, ndipo m'nyumba ya zipinda zitatu ankakhalamo yekha. Amene anabweretsa Beauty anali a Felistus eni ake.

"Uyu ngwa mumphakati mwathu," anatero, kutanthauza kagulu ka Akatolika a m'dera lawo amene amapemphera pamodzi ndi kuikana maliro. "Ali ndi ana atatu, mwamuna anamwalira. Iwe uli ndi nyumba yaikulu ndi msana waulesi. Nanga vuto lili pati?"

Jessica anavomera, koma anayesetsa kugoneka chikumbumtima chake. Anagula mopu wa mtengo wautali kuti Beauty asamagwade. Beauty ankagwadabe m'makona, ati mopu ndi wabodza. Anamuuza kuti azidyera patebulo, koma Beauty ankadyera pakhomo la kuseri, ati kumeneko kuli kamphepo. Anamupempha kuti azingomutchula dzina basi.

"Chabwino, madamu," anatero Beauty.

Miyendo ya a Felistus itayamba kutupa, achipatala n'kunena kuti mtima wawo watopa, Jessica anakawatenga ku Chifubu kuti adzakhale nawo. Anawapatsa chipinda choyang'ana kotulukira dzuwa, bedi latsopano ndi wailesi. Koma akabwerera masana kudzaona ngati amwa mankhwala, ankawapeza atakhala pansi m'khitchini, miyendo atatambasula, akuswa mtedza ndi Beauty. Phwete lawo linkamveka munthu akadali pageti. Ankakamba za amene watomeredwa, amene wathawa kwaya, amene mkamwini wake wagula njinga yamoto. Jessica akangotsegula chitseko, Beauty ankadzuka n'kupukuta manja pachitenje, nkhani n'kuthera pompo. Jessica ankangoima ndi makiyi a galimoto m'manja, mlendo m'khitchini mwake momwe. Zinkamupweteka, koma analibe womudandaulira, poti palibe amene anamulakwira.

A Felistus anamwalira mu Julaye, m'mawa wina wozizira, wailesi yawo ikuimba nyimbo za tchalitchi. Dzuwa lisanafike pamutu, amayi a mumphakati anali atafika kale pa minibasi. Wowatsogolera anali amake Boaz, mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, wamfupi, wa mawu olamula, mnzawo wa malemuwo kuyambira masiku a ku Kitwe. Sanafunse chilolezo kwa munthu. Analamula kuti masofa atuluke, mphasa ziyalidwe, moto wa abambo ukolezedwe pabwalo la njerwa, wa mapoto kuseri kwa nyumba. Atatha zonsezo anakumbatira Jessica n'kunena kuti, "Lira, mwana wanga, zina zonse tisiyire ife."

Masiku atatu nyumba ya matailosi oyera inakhala ngati Chifubu. Munali nyimbo, utsi, nsapato zothothoka zidendene zitaunjikana pakhomo. Oyandikana naye a ku Northrise anabwera tsiku limodzi, anapereka moni, n'kubwerera kuseri kwa mipanda yawo. Amayi a ku Chifubu anagona pansi, anaphika, anatunga madzi. Jessica ankawaona. Anaona amake Boaz atawerama akukwecha mphika wautali ngati iwo omwe, akumaima pang'ono kuti agwire msana. Anaona mayi wina akumanga bondo ndi nsanza asananyamule ndowa. Chisoni cha mayi ake chinasakanikirana ndi chisoni china chakale, chija cha pageti la denga lobiriwira.

Ataika maliro, anthu akubalalika kumanda, amake Boaz anamugwira dzanja. "Mawa tibwera kudzasesa. Naini awazi tafika."

"Musavutike amai, mwalema kale," anatero Jessica.

Amake Boaz anangomwetulira, poganiza kuti ndi ulemu wa mwana woleredwa bwino.

Mwambo wosesa Jessica ankaudziwa, koma ankaudziwa ngati mmene munthu amadziwira nyumba imene amangoidutsa pamsewu. Kwawo kum'mawa, tsiku lotsatira pambuyo poika maliro, amayi amabwerera kusiwa ndi matsache kudzachotsa phulusa la moto wa maliro, kusesa bwalo ndi m'nyumba, kutsuka ndi kubweza ziwiya. Pa maliro a bambo ake Jessica anali wamng'ono. Atakula ankayenda maliro monga amayendera anthu a m'maofesi: kufika tsiku loika, kuponya dothi, kubwerera kuntchito. Kwa iye kusesa kunali kusesa basi, ntchito yothyola msana imene amayi okalamba ankati adzamugwirire. Ndiye mnzake wa ku ofesi, Lulu, atamunong'oneza nzeru ali m'galimoto, Jessica anaiwona ngati yochokera kumwamba.

"Iwe Jessica, ba mbuya aba bazafa na nchito," anatero Lulu. "Kuli kampani mu tauni, ubatumila chabe foni. Sikisi awazi bafika na mamashini, naini awazi vonse vasila."

Jessica anaimba foniyo. Anauza Beauty kuti apume sabata yonse, asaoneke n'komwe ku Northrise ndi nkhani ya ntchito. Sanafunse munthu aliyense, ndipo akuluakulu anati safunsa anadya phula.

M'mawa mwake galimoto ya kampani inafika nthawi yake. Munatuluka atsikana anayi a mayunifolomu abuluu ndi majombo, ndi makina opopera madzi. Ntchito ankaidziwa, zimenezo tisawanamizire. Phulusa analiwolera m'mapulasitiki akuda. Mwaye wa pabwalo anaupopera mpaka njerwa zinabwerera mtundu wake. Anatsuka mawindo, makoma, ndi chipinda cha a Felistus chomwe, moti kafungo ka mafuta amene ankapaka miyendo kanatheratu. Pamene iwo ankachita zimenezi, Jessica anandandalika mipando pakapinga, anawiritsa tiyi wamkaka, anaika mabanzi ndi keke patebulo. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire mayi ake, mtima wake unapepuka. Ankaona m'maganizo mwake amayi a ku Chifubu atakhala pamipando ku Northrise, miyendo ili pamwamba, iye akuwathirira tiyi.

Naini koloko itakwana, kunamveka kugogoda pageti. Jessica anatsegula akumwetulira. Panja panaima amayi khumi ndi mmodzi, atavala zitenje za tchalitchi, aliyense tsache lake lili m'khwapa. Ena ananyamula mabeseni. Anali atakwera maminibasi awiri, matsachewo atawapakata pamiyendo. Kumbuyo kwenikweni kunali Beauty, nayenso ndi tsache lake la kunyumba, lakutha kumapeto.

Analowa mwakachetechete n'kuima pabwalo lonyowa. Amake Boaz anayang'ana pamene panali moto wa abambo. Anayenda mpaka kuseri, n'kubwerako.

"Phulusa lili kuti?"

"Latayidwa, amai. Ninaitana a kampani kuti imwe mupumuleko. Nkhalani, tiyi yapsa."

"Latayidwa kuti?"

Jessica sankadziwa. Sanafunse kumene mapulasitiki akuda aja amapita. Pa nthawiyo atsikana a kampani anali kukweza makina awo m'galimoto. Amake Boaz anaitana mmodzi, n'kumufunsa mofatsa ngati ankawadziwa amene anamwalira pakhomopo.

"Awe mukwai," anayankha mtsikanayo mwaulemu, n'kuwonjezera m'Chibemba kuti iwo angobwera ku ntchito.

"Mwachita bwino, mwana wanga. Pitani bwino."

Palibe amene anakalipa. Jessica pambuyo pake ankalakalaka akanamukalipira. Amayiwo anakhala pamipando, kumapeto kwenikweni ngati ali pachipatala, matsache atawagoneka pamiyendo. Anamwa tiyi, chifukwa kukana tiyi pamaliro ndi mwano. Keke sanaikhudze. Mayi wa bondo lomanga uja ankangosisita tsache lake ndi chala. Atatha anapemphera Tikuoneni Maria kamodzi, n'kuimirira onse pamodzi.

Pageti amake Boaz anatembenuka. "Nyumba yayera, ba Jessica," anatero. "Kuyera kotere sitinakuonepo."

Masiku apitawo anali "mwana wanga". Jessica anamva kusinthako, ngakhale sanamvetse chimene walakwa. Anawaona akutsika msewu wa Northrise m'mbali mwa mipanda yaitali, matsache awo ali ouma monga anabwerera. Beauty sanacheuke. Jessica anatseka geti, n'kubwerera m'nyumba yonunkha mankhwala oyeretsera. Analowa m'chipinda cha mayi ake kufuna chinthu chilichonse choti agwire, koma zonse zinali zitapindidwa bwinobwino ndi anthu osawadziwa.

Lolemba la sabata inayo Beauty anabwera kuntchito monga mwa masiku onse. Anapereka moni, anamanga duku, n'kutenga ndowa. Jessica anali atavala kale zopita ku ofesi, koma anaima pakhomo la khitchini.

"Beauty, niuzeko. Ninalakwa chani?"

"Palibe, madamu."

"Chonde, napapata. Nilibe wina wamene nizafunsa."

Beauty anatsitsa ndowa pansi. Anayang'ana madzi, ngati akuyeza ngati mawu ake sangamuchotsetse ntchito.

"Bamuna banga pamene banafa, amama banu ndiye banabwela kusesa kwanga," anatero. "Ine ninankhala chabe pamphasa, beve basesa, bakamba nkhani za bamuna banga, baniseketsa, baniliza futi. Mwana wa amake Boaz pamene anafa, ni amama banatenga phulusa. Chifubu yonse, palibe nyumba yamene sibanasese. Manje ise tenze tabwela kuti naise tibasesele. Imwe munatiika pamipando monga bavizita."

"Nenze nifuna chabe kuti mupumule."

"Tiziba, madamu." Beauty anatenganso ndowa yake. "Mande, Wenizide na Fulaide nimasesa nyumba yanu. Tsiku lija ninabwela kusesa ya amama."

Anapita kukayamba m'chipinda chochezera. Jessica anamumva akugwada pakona paja mopu safika.

Madzi akatayika saoleka, komabe Jessica anayesa. Anatumiza thumba la ufa ndi mafuta ophikira kumphakati. Zikomo wake anabwera kudzera mwa Beauty, wathunthu ndi waulemu. Lamulungu lina anapita kukapemphera ku Chifubu m'malo mwa tchalitchi cha m'tauni. Amayi anamupatsa moni ndi manja awiri, anamusunthira malo pabenchi lakutsogolo, n'kumufunsa za kuntchito. Atatuluka anaimirira m'timagulu tawo akuseka, ndipo iye atayandikira anamutsegulira njira yopita kugalimoto yake. Sanamusale. Anangomukweza pamwamba, pamalo pamene munthu amakhalapo yekha.

Apa m'pamene Jessica anadziwa chimene mayi ake anapita nacho. Nthawi yonseyi ankaganiza kuti ku Chifubu n'kwawo, pamene anali a Felistus amene ankamugwirira malo. Madzulo akaweruka ankakhala m'khitchini, nthawi zina pansi penipeni pamene mayi ake ankakonda kutambasula miyendo, n'kumadzifunsa funso limene munthu wa zaka makumi anayi sayenera kudzifunsa: nditafa ine lero, adzabwera ndani ndi tsache? A ku ofesi adzabwera ndi nkhata ya maluwa, Lulu adzaimba foni kukampani, ndipo pofika naini koloko nyumba idzakhala itayera. Ankasungulumwa kwambiri. Ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti amake Boaz adzamutchulenso kuti mwana wanga.

Mu Okotobala, dzuwa likuswa mtengo, Beauty anapempha masiku atatu. A Nehemiah, amuna awo a amake Boaz, anali atamwalira. Jessica anapita kukaika nawo maliro Lachitatu, ndipo kumanda anatchera khutu mpaka anamva mayi wina akuuza anzake kuti kusesa ndi mawa m'mawa.

Lachinayi sanapite kuntchito. Galimoto anaisiya pakhomo. Anavala chitenje cha tchalitchi cha mayi ake, chimene chinamuzungulira kawiri, n'kukwera minibasi. Pamsika wa ku Chifubu anagula tsache la udzu, lalifupi, lomanga ndi mphira. Wogulitsayo anamuyang'ana nsapato n'kumufunsa ngati akugulira wantchito. Jessica anati ayi, ndi lake.

Pasiwa anapeza amayi atayamba kale. Fumbi linali kobo. Amake Boaz, monga namfedwa, anali atakhala pamphasa pakhonde, duku lakuda kumutu, manja ali pamiyendo. Jessica anagwada n'kuwapepesa. Asanadzuke n'komwe, mayi wina anali atatulutsa mpando wabwino wa m'nyumbamo, n'kuupukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Nkhalani apa, ba Jessica. Uko kuli fumbi."

Mpandowo anauika pamthunzi wa mtengo wa mapeyala, patali ndi onse. Jessica anauyang'ana n'kuuzindikira bwino lomwe, chifukwa unali ngati mipando ija iye anawakhazikapo ku Northrise. Anathokoza, koma sanakhale. Anayenda mpaka pakati pa bwalo pamene panali mulu wa phulusa la moto wa abambo, n'kuwerama.

Asanasese kawiri, dzanja lina linagwira tsache lake. Anali Beauty.

"Nipaseni, madamu. Nizasesa ine."

Beauty sananene mwachipongwe. Dzanja lake linangochita chimene linazolowera kwa zaka zitatu, kulanda ntchito m'manja mwa mwini nyumba. Mwinanso ankafuna kumuteteza, poti maso onse anali pa iye. Matsache ena aja anali ataima. Jessica anachita manyazi, koma sanataye tsachelo.

"Beauty, lelo si Mande," anatero.

Anakhala choncho awiriwo, wina atagwira kumtunda, wina kumunsi. Kenako pakhonde panamveka mawu a amake Boaz, osasa ndi kulira koma olamulabe.

"Musiyeni. Amake sanasesedwe. Asese."

Mawuwo anamulasa Jessica pamtima, ndipo sanadziwe ngati amukhululukira kapena amuweruza. Beauty anachotsa dzanja. Jessica anayamba kusesa.

Tsache latsopano ndi louma, ndipo msana wa mu ofesi sudziwa kuwerama. Phulusa m'malo moti liunjikane linkauluka, kumulowa m'maso ndi m'mphuno. Mayi wa bondo lomanga uja anabwera osalankhula, anawaza madzi pang'ono kutsogolo kwake, n'kubwerera pamalo pake. Pang'onopang'ono matsache ena anayambanso, ndipo nkhani zinayamba nawo. Anakamba za a Nehemiah, mmene ankachedwera ku Misa chifukwa chopukuta njinga, mmene ankaopera agalu ngakhale ana agalu. Amake Boaz anaseka, kenako analira, kenako anasekanso.

"Koma Felistus akanakhalapo lero," anatero mayi wina akukung'untha mphasa, "khonde ili bwenzi litafiira kale."

"Eee, na kachitini kake m'chitenje," anavomera wina.

Jessica anachepetsa kusesa kuti amve. Anamva kuti pa tsiku lililonse losesa, ena onse akatha, a Felistus ankatulutsa kachitini ka polishi wofiira, n'kugwada pakhonde la namfedwa, n'kulipukuta mpaka liwale. Ankati anthu a ku Northrise asamadye okha luso lake. Ankati wolira akatuluka m'nyumba m'mawa, azipeza chinthu chimodzi chokongola. Munthu wina akafuna kuwathandiza ankamuthamangitsa, ati awononga. Amayi onse ankaidziwa nkhaniyi, ndipo ankaikamba molandizana, akuseka. Jessica yekha, mwana wawo wobereka, ndiye ankaimva koyamba. Anazindikira kuti nkhani zimenezi n'zimene amayi aja anabwera nazo pageti lake tsiku lija pamodzi ndi matsache, n'kubwerera nazo. Misozi inatsika, ikudula mizere paphulusa la kumaso, ndipo palibe amene anamuletsa kulira.

Atafika kumapeto kwa bwalo anawongoka movutikira n'kucheuka. Kumbuyo kwake, mapazi angapo, Beauty anali atawerama, akusesanso mwakachetechete monse mmene Jessica anadutsa, kutolera phulusa limene anasiya. Maso awo anakumana. Beauty anayang'ana pansi n'kupitiriza.

Phulusa analiwolera m'mabeseni, ndipo amayi awiri achikulire anakalitaya kumene amadziwa okha. Potsanzika Jessica anagwadanso pakhonde. Amake Boaz anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu kotuwa mpaka kuchitenje chimene ankachidziwa bwino.

"Wafika, taona," anatero. "Uyende bwino."

Sanati ba Jessica, komanso sanati mwana wanga. Beauty anamuperekeza mpaka pamsewu, chifukwa mlendo amaperekezedwa. Minibasi itaima anati, "Mande nizabwela, madamu," n'kubwerera kwa anzake, kumene phwete linali litayambanso.

Jessica anafika ku Northrise dzuwa likadali pamutu. Anatsegula geti, anatsegula chitseko, ndipo mapazi ake anasiya zidindo zotuwa pa matailosi oyera. Analowa kubafa n'kuvula chitenje cha mayi ake. Chinali chitadetsedwa ndi phulusa kuyambira m'chiuno mpaka kumpendero, phulusa la maliro a eni ake. Anatsegula dengu la zovala zochapa, n'kuima. Kenako anachipinda mosamala, phulusalo lili mkati, anapita nacho kuchipinda choyang'ana kotulukira dzuwa, n'kuchibisa pansi pa matiresi, kuti Beauty asadzachipeze Lolemba n'kuchichapa.